Dzira Losungidwa Pamapazi

Dziko la madzi oundana ndinaliona ndi diso limodzi, kudzera pampata wa pakati pa nsalu ndi mphuthu ya chitseko. Sikuti m'chipinda chochezeramo munalibe malo. Mipando inalipo, ndipo wina unkakhala wopanda munthu nthawi zonse. Koma m'chipindamo munkakhala akamwini anga, amuna a mwana wanga wamkazi, ndipo kwathu kuno kwa Kaduya mpongozi sakhala pansi m'chipinda chimodzi ndi mpongozi mnzake. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sapatsana chinthu pamanja. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'thengo, ine n'kutembenukira kumbali, moni n'kupatsana chapatali maso ali pansi. Mayi anga anachita chimodzimodzi ndi malemu amuna anga mpaka imfa. Ine ndinafika Folomu 2 kusukulu ya atsikana ya amishoni, koma sukuluyo sinandichotse mwambo umenewu, ndipo sindinafune kuti indichotse. Ndinkauona ngati mpanda wosunga ulemu wa anthu awiri.

Akamwiniwo kwawo kunali kufupi ndi malire a Mozambiki, ulendo wa tsiku lathunthu panjinga. Anabwera kudzakhala pachikamwini, namanga nyumba ya malata pamalo amene ndinawapatsa, moyang'anana ndi yanga. Zaka zimenezo matipate anali atakhazikika ndipo aliyense ankayesa kabizinesi kake. Iwo anatsegula malo oonetsera vidiyo pa Migowi: chisakasa chotchinga ndi mphasa, mabenchi, jenereta, ndi chiwailesi chakanema chachikulu chimene anakagula ku Limbe, cholemera moti pochinyamula pankafunika amuna awiri. Anthu ankakonda mafilimu a karate ndi a ku Nijeriya. M'katoni ina ya zimbale zimene anaoda munapezeka zingapo za nyama za kumapeto kwa dziko, kumene kulibe china koma kuzizira. Atayesa kuonetsa chimodzi, anyamata anatuluka akunyoza kuti sangathere nthawi pa filimu yopanda womenya ndi womenyedwa. Zimbalezo zinabwera kunyumba n'kuiwalika pamwamba pa kabati.

Mwana wanga anali womaliza kutsala. Ena awiri anali atagona kale kumanda ndi matenda amene masiku amenewo tinkapewa kuwatchula dzina, ndipo iye atayamba kutsokomola ndi kuonda, palibe anafunsa kuti n'chiyani. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, wosayamba sukulu. Matenda atakula, akamwini anatseka chisakasa chija n'kubweretsa kanema ndi jenereta pakhomo. Ankachapa okha zofunda, ankaphika phala, ankapita kumjigo mwana ali kumbuyo m'chitenje. Amayi a pamjigo ankaseka kuti anawadyetsa khuzumule. Iwo ankangoyankha kuti ngati ndi choncho, mankhwalawo anali okoma.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalapo m'chigwa cha Phalombe mwezi umenewu akudziwa mmene malata amalirira masana, ndi mmene mphepo yomwe imawotchera ngati yatuluka m'uvuni wa njerwa. Wodwala wathu thupi linkatentha kuposa mpweya. Lamulungu lina masana ndinali pakhonde panga ndikusenda nandolo, ndipo ndinamumva akunena ndi mawu otsika:

"Bambo a mwana, ndiikireni filimu ya kozizira ija. Mwina thupi langa limvako."

Jenereta inalira. Patapita kanthawi mdzukulu wanga anabwera kudzandiitana. Anati amayi ake akufuna ndikawauze zimene mzungu wa mufilimuyo akunena, chifukwa Chingerezi chake n'cha m'mphuno ndipo bambo ake akungotolapo mawu amodziamodzi. Ndinazengereza. Kenaka ndinaona akamwini akutuluka, napachika nsalu pakhomo la pakati pa chipinda chochezera ndi kanjira kopita kukhomo lakuseri, naika mpando kuseri kwa nsaluyo, n'kubwerera m'chipinda chochezeramo. Ndinazungulira kuseri n'kukhala pampandopo. Iwo anakhala chondifulatira. Pampata umene unatsala ndinkaona theka la kanemayo, mutu wa mwana wanga uli pamtsamiro, ndi mapazi a akamwini pansi pa mpando wawo.

Mwana wanga anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. "Anthu inu mudzakathawanabe ndi kumwamba komwe? Angelo adzakupachikiraninso nsalu?"

Ine ndinayamba kumasulira.

Madzi oundana ndinkawadziwa m'matalala, ndi m'mafilizesi amene ana amayamwa pamsika. Sindinkadziwa kuti kuli dziko lathunthu lopangidwa ndi zimenezo, lopanda mtengo, lopanda chulu, lopanda njira ya munthu. Mzunguyo anati kumeneko dzuwa limalowa n'kukhala miyezi osatuluka. Ndinamasulira mawuwo mosamala monga ndinawamvera, koma mumtima ndinkakayika, kufikira pamene chithunzi chinada ndipo mphepo inayamba kukokolola fumbi loyera pamwamba pa chigwa chosaoneka mathero. Panali malo ena pamene khoma la madzi oundana, lalitali ngati mbali ya phiri la Michesi, linkang'aluka n'kutsetserekera m'nyanja. Kulira kwake kunkatuluka m'masipika mpaka kapu ya pathebulo n'kumanjenjemera. Ife amene tinamvapo phiri likugumuka ndi napolo sitinafune womasulira pamenepo. Ndinkayambiranso kumasulira madzi atakhazikika.

Chimbale china chinali cha chimbalangondo choyera, chachikazi, chowonda mpaka nthiti kuonekera. Chinkasambira pakati pa nyanja chikufuna poponda, kamwana kake kakutsatira pambuyo. Mzunguyo anati madzi oundanawo ayamba kusungunuka msanga kuposa kale, ndipo nyamazi zimasambira mitunda italiitali osapeza popumira. Mwana wanga anandifunsa ngati zinakafika. Ndinamuuza zoona, kuti mzunguyo sananene, wangosintha nkhani. Kuyambira tsiku limenelo chimbale chimenecho sanachifunenso.

Chimene ankachikonda chinali cha mbalame zosauluka, zoyenda choimirira ngati anthu, zakuda kumsana ndi zoyera pachifuwa. Mzunguyo ankazitchula kuti mapengwini. Mdzukulu wanga ankati ndi akuluampingo akupita ku mgonero atavala majekete. Yaikazi imaikira dzira limodzi lokha, n'kuligubuduzira pamapazi a yaimuna, iyo n'kupita kunyanja kukafuna chakudya. Yaimunayo imaima mumdima nyengo yonse yozizira, osadya, dzira lili pamapazi, italifunditsa ndi khungu la pamimba. Dziralo likangogwera pansi kwa kanthawi kochepa, limaundana n'kufa. Amunawo amaunjikana pamodzi, kumasinthana kuima kunja kumene kukuwomba mphepo. Ndipo yaikazi ikapanda kubwerera, pamapeto pake yaimuna imasiya mwana n'kulunjika kunyanja, pakuti ikakhala ifa nayo. Mawu omalizawa ndinkawamasulira Lamulungu lililonse, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaona zala za kumapazi kwa akamwini zikupindika pasimenti.

Mwana wanga anatisiya mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo. Za maliro sindilemba. Anali ngati maliro ena onse a zaka zimenezo, amene anthu ankabwera atatopa kale ndi maliro adzulo.

Miyezi yotsatira akamwini anakhalabe pakhomo, monga mwambo umafunira, kudikira kuti adzasudzulidwe tikakolola. Petulo ankagula wochepa, wa m'kabotolo, wokwanira chimbale chimodzi pa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mwana ankafuna chomwecho cha mbalame. Ine ndinkakhala kuseri kwa nsalu n'kumamasulira mawu amene tonse tinali titawaloweza kale. Nkhani za pakhomo zinkadutsa mwa mwanayo. Iwo ankati, uwauze agogo ako kuti denga la khitchini ndikonza mvula ikadula. Ine ndinkati, uwauze bambo ako kuti ndamva, ndathokoza. Mwanayo sankavutika n'kubwereza, pakuti ankadziwa kuti tamvana kale.

Anayambanso kaseweredwe kena. Ankaima pamapazi a bambo ake, n'kulowetsa mutu m'jekete lawo, iwo n'kumayenda naye pang'onopang'ono chopendekera uku ndi uku kuzungulira thebulo. Akaterereka n'kuponda pansi ankakuwa kuti waundana, bambo ake amunyamule msanga. Ndinkaona mapazi anayiwo akudutsa pampata wanga, aang'ono ali pamwamba pa aakulu. Jeketelo ankalivala ngakhale kukutentha, ndipo ine ndinkayesa kuti n'chifukwa cha sewerolo. Usiku mwanayo sankagona popanda kugwira chala cha bambo ake. Ine ndinali nditakalamba kale, mawondo akukana, ndipo ndinkadziwa kuti munthu ameneyu akachoka, mwanayo atsala ndi nkhalamba yoti mawa lomwe ikhoza kugona osadzuka.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, achimwene anga anabwera. Ndiwo anali eni mbumba, ndiwonso anali ankhoswe a ukwatiwo, choncho mawu aliwonse aakulu a pakati pa ine ndi akamwini ankayenera kudutsa mwa iwo. Anati akuchimuna atumiza mthenga, tsiku losudzula lakonzedwa. Ndinawapempha kuti akamwini akhalebe pakhomo mpaka mwana atayamba sukulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali chimene akuyembekezera kuti ndinene, kenaka anaseka pang'ono.

"Achemwali, mukufuna mkamwini kapena mukufuna filimu? Anthu ayamba kale kunena kuti tikumusunga chifukwa cha jenereta."

Ndinawauza kuti ngati ndi choncho, mwana apite ndi bambo ake. Apo kuseka kunatha. Anati mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwa zidzukulu zonse za mayi athu, mtsikana amene watsala woti n'kudzabala mbumba ndi yekhayo. Tikamupereka, mudzi watha. Zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo ine ndinkazidziwa kuposa iwo. Komabe ndinawapempha kuti akangowafunsa akamwiniwo ngati angafune kumutenga. Anakana kunyamula mawu amenewo. Anangoti, "Zina musamafunse, achemwali. Mulekeni munthu azipita kwa mayi ake," n'kukwera njinga yawo.

Ndinakhala ndi mawuwo masiku angapo. Mwa ankhoswe sakanadutsa. Mwa mwana sakanadutsa, pakuti ankanena za iye yemwe. Lamulungu lomaliza tsiku losudzula lisanafike, mwanayo anagona tulo pamphasa chimbale chili pakati. Mbalame zija zinali zitaunjikana mumphepo. Ndinasiya kumasulira. Ndinaimirira, ndinakankha nsalu, ndinalowa, n'kukhala pampando uja umene unkakhala wopanda munthu.

Akamwini anadzambatuka n'kugwada choyang'ana kukhoma.

"Bambo a mwana, khalani pampando," ndinatero. "Lero ndilankhula nanu pamaso. Wina akafunsa, mlandu ndi wanga."

Anachedwa, koma anakhala, n'kutembenuka. Zaka zonse zimene anakhala pakhomo panga, nkhope yawo ndinali ndisanaiyang'anepo chapafupi. Ndinkadziwa msana wawo, mawu awo, kayendedwe kawo chapatali. Tsiku limenelo ndinaona masaya olowa, tsitsi lopyapyala lofiirira, zilonda m'mbali mwa milomo, ndi khosi limene linkasambira m'kolala ya jekete. Nkhope yotero ndinali nditaiona katatu m'nyumba mwanga momwe. Mawu amene ndinawakonza ndinawanenabe, chifukwa ndinalibe ena. Ndinati ngati akufuna kumutenga mwana, amutenge, ine ndidzayankha kwa achimwene ndi kwa mudzi wonse.

"Amayi," anatero, maso ali pamawondo anga, "ndikamutenga, adzandiika m'manda ali pakati pa anthu osawadziwa. Kenaka mudzachita kukamufunafuna. Ine ndimayesa mukudziwa. Mudzi wonse ukudziwa."

"Ndikanadziwa bwanji? Ine ndimadziwa mapazi anu okha."

Ndinawauza zimene ndinamva pawailesi, kuti mankhwala otalikitsa moyo ayamba kuperekedwa. Anati anapitako kale kuchipatala, anayezetsa, anauzidwa kuti adikire chifukwa ofuna ndi ambiri. Ndinati ndiye akhale pompano podikirapo, ine ndiwadwazika monga ndinadwazikira ana anga. Anapukusa mutu, ndipo anamwetulira pang'ono, mwina pofuna kundipeputsira.

"Mwalowa m'chipinda, amayi, chabwino. Koma likadzafika tsiku loti ndisambitsidwe ndi kusinthidwa zofunda, mpongozi angasambitse mpongozi? Mayi anga akadali moyo. Ntchito imeneyo ndi yawo."

Ndinazindikira pamenepo chimene achimwene ankandiyang'anira nthawi yaitali chija. Iwo ankafulumiza mwambo kuti munthu akafike kwawo akadali wotha kukhala panjinga, ndipo ankayesa kuti ine ndikudziwa koma ndikukana kuvomereza.

Sindinabwerere kuseri kwa nsalu. Tinaonera limodzi mbali yotsala ya chimbalecho, mwana ali mtulo pakati pathu. Kanali koyamba kuona kanemayo yense. Sindinkadziwa kuti dzikolo linali lalikulu chotero, ndi kuti kumbali imene nsalu inkanditchinga kunalibe kanthu kena, koma kuyera kokhakokha mpaka kumapeto. Mzunguyo analankhula yekha. Petulo anatha zazikazi zisanabwerere kuchokera kunyanja, ndipo tinakhalabe pomwepo tikuyang'ana galasi lakuda.

Tsiku losudzula linali la chiperoni, phiri losaoneka. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pabwalo, nanena mawu amene amanenedwa: kuti munthu wathu anatisungira bwino mwana wathu, tilibe naye chifukwa, ndi womasuka kupita ndi kukakwatira kumene angafune. Pa mawu akuti kukakwatira palibe anakweza maso. Pogawa katundu, jenereta inapita ndi akuchimuna kuti akagulitse, ithandize pa matenda. Kanema ndi zimbale akamwini anati n'za mwana. Mphwawo amene anabwera kudzawatenga anayala chitenje pakaliyala ya njinga.

Mwanayo anali ataona zonse. Bambo ake ataimirira kuti atsazike, anathamanga n'kukwera pamapazi awo, n'kulowetsa mutu m'jekete, manja atakulunga miyendo. Iwo anayenda naye chopendekera kuchokera pakhonde mpaka pamene panali njinga. Pamenepo anaima. Amayi amene analipo anayang'ana kumbali, amuna anayang'ana pansi. Amene anamasula zala za mwanayo chimodzichimodzi ndinali ine. Mapazi ake atagunda pansi anakuwa mawu a sewero lija, kuti waundana, amunyamule msanga. Njinga inali itayamba kale kuyenda.

Uthenga wa imfa yawo unatipeza nandolo atayamba kuuma, kudzera mwa munthu wogula mbewu amene ankazungulira midzi ya kumalire. Anali ataikidwa kale. Sindinawaimbe mlandu abale awo. Munthu wosudzulidwa si wathunso, ndipo panalibe chowakakamiza kutumiza mthenga ulendo wonsewo. Sipanapite nthawi yaitali, mankhwala aja anayamba kupezeka pafupi, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu amene tinkawayesa akufa akudzuka n'kugwiranso khasu. Ena a iwo ndimakumana nawo kutchalitchi mpaka lero, onenepa, ali ndi zidzukulu. Ndimawapatsa moni ndi mtima wonse, koma ndikafika kunyumba sindidya.

Kanemayo anakhala pathebulo zaka zambiri atafunditsidwa ndi nsalu yomwe ija ya pakhomo. Magetsi kwathu kunalibe, ndipo jenereta ina sindikanaipeza. Miyezi yoyamba mwanayo ankavundukula nsaluyo n'kuima patsogolo pa galasi, kumadziyang'ana yekha mumdimamo. Tsiku lina anayesa kukwera pamapazi anga. Ndinayesetsa, koma mawondo anakana tisanafike ndi pakhomo pomwe, tonse n'kugwera pamphasa. Sanayesenso. Anasiyanso kufunsa za mbalamezo, ndipo zimbale zinathera kumunda, titazipachika pazingwe kuti ziziopseza mpheta pampunga.

Mulungu anandisunga kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo mwanayo anakula. Mbumba imene achimwene ankaiteteza sinakhale pamudzi. Mdzukulu wangayo ali kutauni, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo m'nyumba ya malata ija munalowa chiswe. Ndi munthu waulemu, wosalankhulalankhula, wosakonda kugwidwa dzanja. Chithunzi cha bambo ake tilibe. Chimodzi chokha chimene chinalipo chinapita ndi katundu tsiku losudzula.

Ulendo wina atabwera anandifunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji, chifukwa iye akayesa kukumbukira amangoona mkati mwa jekete. Nkhope yawo ndinaiyang'ana tsiku limodzi lokha, ndipo tsiku limenelo sinalinso yawo, inali ya matenda. Imeneyo sindikanamupatsa. Ndinamuuza kuti anali ndi mapazi aakulu, otambalala, a zidendene zong'aluka, ndi kuti chala chachikulu cha kumanzere chinali ndi chikhadabo chakuda chimene jenereta inachiphwanya. Anadikira kuti ndipitirize, koma zimene ndinali nazo zinali zomwezo.